Mafilimu akale a makauboyi: mwana wanu wamwamuna akutolamo chiyani?

Abambo ambiri amene anakula akuonera John Wayne ndi Gary Cooper amakhulupirira kuti mafilimu akale a makauboyi ndi oyenera kuonera pamodzi ndi ana awo aamuna. Zifukwa zawo n'zomveka: mulibe zolaula, mulibe kutukwana, woipa amalandira chilango, ndipo mwamuna akalonjeza amachita. Monga mphunzitsi wa mbiri yakale, ndimavomereza kuti ena mwa mafilimuwa ndi abwinodi. Kungoti chimene bambo akuona pa sikirini ndi chimene mnyamata wa zaka 10 akuona n'zosiyana, ngakhale atakhala pampando umodzi.

Ukhondo wa mafilimuwa uli ndi gwero lake. Kuyambira mu 1934, makampani a ku Hollywood ankatsatira malamulo odziikira okha otchedwa Hays Code, oletsa umaliseche, mawu onyansa komanso nkhani imene chigawenga chikuthera pabwino. Malamulowa anathetsedwa mu 1968. Choncho musangoona chipewa ndi kavalo pachikuto n'kuganiza kuti zonse ndi zimodzi. The Wild Bunch ya mu 1969 ndi magazi okhaokha, ndipo mafilimu a Sergio Leone wa ku Italy, amene anatchukitsa Clint Eastwood kuyambira mu 1964, ngwazi yake imapha anthu pofuna ndalama. Amenewo asiyireni akuluakulu.

Filimu imene imafotokoza bwino nkhani yonseyi ndi Shane ya mu 1953, chifukwa mkati mwake muli kamnyamata kotchedwa Joey, kamene kakuchita ndendende zimene mwana wanu akuchita: kuyang'ana amuna awiri n'kumasankha woti kafanane naye. Woyamba ndi bambo ake, Joe Starrett, mlimi wa ku Wyoming amene akukana kuchoka pamunda pake ngakhale mwini ng'ombe wolemera, Ryker, akumuopseza. Wachiwiri ndi mlendo Shane, katswiri wa mfuti amene watopa ndi moyo wakupha ndipo walandira ganyu pafamupo. Amuna awiriwa akulimbana ndi chitsa chachikulu pabwalo, thukuta lili kamukamu, mpaka kuchizula. Shane atapita kusitolo kukagulira mwanayo chakumwa, munthu wa Ryker akumuthira kachasu pamalaya pamaso pa anthu, iye n'kungotuluka osabwezera. Apa ndi pamene pali phunziro la kudziletsa, ndipo ndi pomwe ana ambiri amakhumudwa, amvekere "bwanji sakumumenya?"

Kumapeto Shane akupha adani a alimiwo, koma sakhalanso m'mudzimo. Akuuza Joey kuti munthu amene wapha sangabwererenso ku moyo wamba, amulangiza kuti asamalire makolo ake, n'kukwera kavalo, mwanayo akufuula kuti abwerere. Filimuyi ikunena poyera kuti mfuti yamulanda Shane banja ndi pokhala. Mwamuna amene watsala ndi mkazi, mwana ndi munda ndi Joe Starrett. Koma funsani mnyamata aliyense kuti akufuna kukhala ndani, adzati Shane. Palibe mwana amene amasirira munthu wozula chitsa pokhapokha wamkulu atamulozera.

Izi si zongoganizira. M'zaka za m'ma 1950, makampani a migodi ya kopa ku Northern Rhodesia (lero Zambia), kumene anthu ambiri a ku Nyasaland ankagwiranso ntchito, ankaonetsa kanema panja m'makomboni, ndipo okondedwa kwambiri anali makauboyi. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 n'kulemba buku la Copper Town, anaona kuti oonerera ankatchula kauboyi aliyense wopambana kuti Jack, posatengera kuti filimu ndi iti. Chingerezi cha ku America sichinkamveka kwa ambiri, phokoso la ochemerera linkamiza mawu, ndiye chimene chinkatsala m'mutu ndi nkhonya, mayendedwe ndi kavalidwe. Anyamata ankasema mfuti za mitengo n'kumaseweretsa m'misewu. Ku Léopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, nthawi yomweyo kunabuka magulu a achinyamata odzitcha ma Bills, potengera dzina la Buffalo Bill, ngwazi ya m'mafilimu a makauboyi. Mwana wa lero amene akuonera pafoni yekha, Chingerezi akuchimva mwa apo ndi apo, sasiyana kwenikweni ndi anyamata a ku Luanshya aja.

N'chifukwa chake ndimalangiza makolo kuti ayambe ndi High Noon ya mu 1952, chifukwa mmenemo nkhondo ndi ya mphindi zochepa kumapeto, ndipo mbali yaikulu ndi ya munthu amene akuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo. Will Kane wangokwatira kumene m'mawa womwewo ndipo watula pansi udindo wosungitsa chitetezo m'tauni. Kenako akumva kuti Frank Miller, chigawenga chimene iye anachimangitsa, chatulutsidwa ndipo chikubwera pa sitima ya 12 koloko masana. Akanatha kuthawa ndi mkazi wake, koma akubwerera. Kutchalitchi akumukana, kumowa akumuseka, anzake akubisala m'nyumba. Mnyamata wina wamng'ono akudzipereka kuti amuthandize, Kane akumubweza. Ndiye akukhala pansi n'kulemba wilo yake, mantha akuoneka pankhope. John Wayne anadana nayo filimuyi, ndipo iye ndi wotsogolera mafilimu Howard Hawks anapanga Rio Bravo mu 1959 ngati yankho, poona kuti mwamuna weniweni sayenda n'kumapempha thandizo kwa anthu wamba. Ine ndili kumbali ya Kane. Mwana wamwamuna amafunika kuona munthu wamkulu akuchita mantha, akupempha anzake kuti amuthandize, n'kuchitabe choyenera. Onaninso kuti amene akupulumutsa moyo wake ndi mkazi wake Amy, yemwe chipembedzo chake chimaletsa chiwawa. Imeneyonso ndi nkhani yoti mukambirane, osati kungoidumpha.

Pali china chimene mafilimuwa amabisa, ndipo kwa ife chisatidutse. Alimi a mu Shane akuteteza minda imene boma linkagawa pansi pa lamulo la Homestead Act la mu 1862, maekala 160 kwa munthu aliyense wokalima. Malowo sanali opanda eni. Anali a mitundu monga Shoshone, Cheyenne ndi Lakota, imene inakankhidwira m'madera opatulidwa ndi asilikali. M'mafilimu ambiri anthu amenewa amangooneka ngati chigulu chokuwa pamwamba pa phiri, choyenera kuwomberedwa. Mwana amene kusukulu akuphunzira za minda ya atsamunda ku Thyolo ndi Mulanje, ndiponso za John Chilembwe mu 1915, asamawombe m'manja eni nthaka akamagwa popanda womufunsa kuti malowo anali a yani.

Akudanso sawoneka kawirikawiri, chonsecho pa abusa amene ankakusa ng'ombe kuchokera ku Texas kupita ku Kansas nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, panali akuda ndi a ku Mexico ambiri ndithu. Bass Reeves, amene anabadwira mu ukapolo, anakhala wapolisi wa boma wotchuka m'dera la Indian Territory (lero ndi mbali ya Oklahoma) kuyambira mu 1875, koma Hollywood ya nthawi imeneyo sinamuone.

The Searchers ya John Ford ya mu 1956 imakhudza chidani chimenechi mosabisa. John Wayne akusewera Ethan, amene kwa zaka zambiri akufunafuna mwana wa mchimwene wake wotengedwa ndi a Comanche, mtundu wina wa eni nthaka, ndipo pena cholinga chake ndi kumupha chifukwa wakhala mmodzi wa iwo. Mwana wamng'ono adzaona John Wayne n'kuganiza kuti zonse zimene akuchita n'zolondola. Imeneyi isungeni mpaka mnyamatayo atafika Fomu 3, pamene angathe kukutsutsani mukamakambirana.