Wogwira njira ya mafuta wagwira pakhosi

Kuno ku Malawi sitikumba mafuta ngakhale dontho. Petulo wa njinga zakabaza za pa Chinamwali ndi dizilo wa chigayo cha ku Jali zimabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako mathanki n'kuzitenga. Ife a zachuma tikamaunika mafuta timayamba ndi funso la njira: akudzera pakhomo pa yani?

Mafuta ambiri a kuno amanyamukira ku Persian Gulf, ndipo potuluka sitima zimapanikizana pampata wa Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta a dziko lonse lapansi limadutsa pamenepo. Pa nkhondo ya Iran ndi Iraq, kuyambira mu 1984, mbali zonse ziwiri zidayamba kuphulitsa sitima zamafuta, aliyense pofuna kuumitsa thumba la mnzake. Nayo South Sudan idapeza ufulu mu 2011 zitsime zili kwawo, koma mapaipi akudzera ku Sudan. Atakanganirana za malipiro a mapaipiwo, mu 2012 idatseka zitsime zake, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake asilikali a maiko awiriwa adamenyanirana dera lamafuta la Heglig.

Koma phunziro lathu lili pafupi, ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zidaononga njanji za Beira ndi Nacala, zomwe zinkanyamula pafupifupi katundu wathu yense. Pofika mu 1984 njira zonse ziwiri zinali zitafa. Katundu adayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ndipo ndalama zamtengatenga zidakwera moti chilichonse cha m'golosale chidakwera nawo. Mu 1987 boma la Kamuzu Banda lidatumiza asilikali kukalondera njanji ya Nacala, ena sadabwereko. Nkhondo sinali yathu, komabe tidailowa chifukwa cha njira. Ambiri adaiwala zimenezi mpaka kumapeto kwa 2024, pamene zipolowe za chisankho ku Mozambique zidaimitsa mathanki, mizere pamalo omwetsera mafuta n'kutalikiratu, anyamata a zigubu n'kumatchula mtengo umene akufuna.

Kunena zoona, si mzere uliwonse umene umabwera ndi nkhondo. Kusowa kwa mafuta kwa mu 2011, komwe kudathandiza kuyatsa zionetsero za pa 20 Julayi, gwero lake linali kusowa kwa madola. Nkhokwe za NOCMA, kampani ya boma yoitanitsa ndi kusunga mafuta, za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zimatiteteza pokhapokha muli mafuta, ndipo kuzidzaza kumafuna madola omwewo.

Ena amati tikadzakumba athu m'nyanja ya Malawi tidzapuma. Ine ndimakayika. Boma litangopereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo mu 2011, Tanzania idadzutsa mkangano wakalekale wa malire, Malawi n'kutulutsa pangano la Heligoland la 1890, lomwe atsamunda a Britain ndi Germany adagwirizana pa malirewo. Mkanganowo sunathe mpaka lero, ndipo doko la Dar es Salaam, lomwe timadalira, ndi la Tanzania yomweyo.