Kutsekula m'mimba koyambira m'chipatala: uzani anamwino msanga

Agogo agonekedwa chifukwa cha chibayo, alandira maantibayotiki, chifuwa chapepuka. Tsiku lachinayi ayamba kuthamangira kuchimbudzi. Gadiyani amafulumira kunena kuti ndi nyemba za dzulo, koma nthawi zina ndi bakiteriya wotchedwa Clostridioides difficile, yemwe azachipatala amangomuti C. diff.

M'matumbo mwathu mumakhala mabakiteriya abwino ambirimbiri otiteteza. Mankhwala amphamvu monga ceftriaxone, ciprofloxacin ndi clindamycin amapha ndi abwino omwe, ndiye C. diff amapezerapo danga, n'kuswana, n'kutulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Amakonda kugwira okalamba opitirira zaka 65 ndi odwala amene akhalitsa m'wodi.

Kuvuta kwake n'kwakuti akatuluka ndi chimbudzi amadzikuta m'kachigoba kolimba, moti amatha miyezi ali moyo pa chitsulo cha bedi, pa chogwirira chitseko kapena pa beseni. Sanitayiza amene tinazolowera nthawi ya Covid-19 samupha. M'manja sambani ndi sopo ndi madzi, malo apukutidwe ndi klorini.

Wodwala mmodzi sangaonetse kuti m'wodi mwabuka vuto, n'chifukwa chake zipatala zimachita kalondolondo. Zimalemba tsiku limene munthu anagonekedwa, tsiku limene anayamba kutsekula, wodi yake ndi mankhwala amene analandira, kenako chimbudzi chimakayezedwa kulabu. Ku England boma linalamula zipatala kupereka malipoti a matendawa mwa okalamba kuyambira 2004, ndipo mu 2007 linawonjezera kuti aziwerengedwa onse a zaka ziwiri kupita m'tsogolo. M'chaka cha 2007/08 odwala anapitirira 55,000. Ziwerengero zitaonekera poyera, zipatala zinakhwimitsa ukhondo ndi kaperekedwe ka maantibayotiki, ndipo patatha zaka zisanu odwala sankafikanso 20,000. Kumeneko, anthu awiri akapezeka nawo m'wodi imodzi m'masiku 28, kafukufuku amayamba.

Koma kaundula amalemba zimene wauzidwa, ndipo woyamba kuona chitenje chodetsedwa usiku ndinu agadiyani. Wodwala akatsekula zamadzimadzi katatu kapena kuposerapo tsiku limodzi, makamaka ngati m'mimba mukupotokola kapena thupi latentha, uzani anamwino. Manyazi asakugwireni. Mpatseni madzi a ORS, koma musamugulire mapiritsi oimitsa kutsekula monga loperamide, chifukwa angakulitse vuto. Musamusiyitsenso nokha mankhwala; adokotala ndiwo aone zosintha.

Matendawa amathanso kuyamba patapita milungu wodwala atatulutsidwa. Mukabwerera kuchipatala, tengani buku lake la kuchipatala ndipo nenani kumene anagona ndi mankhwala amene anamwa.