Chifukwa chake batire la kalavani limafika lopanda moto ngakhale galimoto yayenda tsiku lonse

Anthu ambiri amene amakoka kalavani (kanyumba kogonamo ka matayala kokokedwa ndi galimoto) amakhulupirira kuti akangolumikiza pulagi kumbuyo kwa galimoto, nyali za mabuleki ndi zokhotera n'kuyaka, ndiye kuti batire la m'kalavani likutchajidwanso ndipo firiji ikuzizira. Amadzadabwa madzulo atafika kunyanja, mwina ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear kumene alendo ochokera ku South Africa amakonda kuimika makalavani awo, akapeza nyama yasungunuka ndipo nyali za m'kati zikuyaka mofooka. Ife amagetsi a galimoto tikafufuza vuto lotere, kawirikawiri sitipeza chipangizo chowonongeka. Timapeza kuti moto umanyamuka kutsogolo uli wokwanira koma umathera m'njira, chifukwa waya ndi wochepa thupi ndipo mtunda ndi wautali.

Batire wamba la asidi likadzaza bwino n'kupuma limaonetsa 12.6 kapena 12.7 V (mavolti) pa mita, ndipo likatsika kufika pa 12.2 V ndiye kuti latha theka. Kuti lidzaze, liyenera kukankhidwa ndi mphamvu yoposa yake, ya pakati pa 14.2 ndi 14.4 V, ndipo alternator ya galimoto, chipangizo chimene chimapanga magetsi injini ikamalira, imatulutsa pafupifupi yomweyo. Choncho ntchito yonse yotchaja imadalira kusiyana kosakwana mavolti awiri, ndipo chilichonse chimene chingadye ngakhale volti imodzi m'njira chasokoneza ntchito yonse. Zimafanana ndi madzi odutsa m'paipi yaing'ono yaitali: pampopi amatuluka mwamphamvu koma kudimba amafika akudontha, ndipo mukatsegula mpopi wina pakati, kumapetoko sikufika kanthu.

Kukula kwa waya timakuyeza ndi mkuwa wa m'kati, ndipo nambala yake imalembedwa mm². Kuchokera pa batire la galimoto, kudutsa kunsi, kufika pa pulagi, kenako kuwoloka chitsulo chokokera mpaka pa batire la kalavani, ndi mamita pafupifupi 10. Popeza magetsi amapita ndi kubwerera, ulendo wonse ndi mamita 20. Waya wa 2.5 mm² akanyamula maampu 10 (maampu ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto wodutsa m'waya) pa mtunda umenewu amataya 1.4 V, kotero kuti 14.2 V ya kutsogolo imafika ili 12.8 V. Batire lakutha lingakwere pang'ono ndi mphamvu imeneyi, koma silingadzaze ngakhale mutayenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Waya wa 6 mm² amataya pafupifupi 0.6 V pa maampu omwewo, pomwe wa 16 mm² amangotaya 0.2 V. N'chifukwa chake ndimalimbikira 16 mm² pa waya wotchajira, ngakhale eni galimoto amadandaula ndi mtengo wake.

Firiji ndi imene imakulitsa vutoli, ndipo m'pofunika kudziwa mtundu wa firiji imene muli nayo musanagule waya. Makalavani ambiri a ku Ulaya ndi akale a ku South Africa ali ndi firiji yoyendera zinthu zitatu, gasi, magetsi a m'nyumba a 230 V ndi a 12 V. Firiji imeneyi ilibe kompuresa. Imaziziritsa potenthetsa madzi osakaniza ndi amoniya, ndipo pa 12 V kachitsulo kake kotenthetsa kamadya maampu pakati pa 8 ndi 15, mafiriji ambiri akale n'kumadya mosalekeza chifukwa mbali ya 12 V ilibe chozimitsa yokha ikazizira. Mphamvu ikatsika, kutentha kumatsika kwambiri, ndipo firiji imangodya moto osazizira mokwanira. Ngakhale waya atakhala wabwino, 12 V pa firiji yotere ndi yongosungira kuzizira kumene kulipo kale, choncho muiyatse dzulo lake pa magetsi a ESCOM kapena pa gasi, ndipo muikemo zakudya zozizira kale. Gasiyo muzimitse musananyamuke, popeza lawi loyaka m'kalavani pamalo omwetsera mafuta ndi ngozi yaikulu.

Mtundu wachiwiri ndi firiji ya kompuresa, monga za Engel, National Luna kapena Dometic. Imadya maampu pakati pa 3 ndi 5 ikamalira, kenako imazima yokha n'kudzayakanso, ndipo imeneyi ndi bwino kuilumikiza ku batire la kalavani. Zambiri zili ndi chitetezo chozizimitsa mphamvu ikatsika kwambiri, ndipo pa waya wochepa chitetezochi chimanamizidwa: kompuresa ikangoyamba kulira mphamvu imagwa, firiji n'kuzima, patapita kanthawi n'kuyesanso, mwini wake n'kumaganiza kuti yafa.

Pa mapulagi pali chisokonezo chifukwa makalavani amene timawaona kuno amachokera kosiyanasiyana. Pulagi wamba yozungulira ya mapini 7 inapangidwira nyali, ndipo mawaya ake ndi ang'onoang'ono, kotero kuti kubera pini imodzi n'kudutsapo moto wa firiji kumathera pa pulasitiki yosungunuka. Makalavani a ku Britain anali ndi mapulagi awiri, yakuda ya nyali yotchedwa 12N ndi yotuwa ya 12S ya firiji ndi batire, koma kuyambira cha m'ma 2008 anasamukira ku pulagi imodzi ya mapini 13, yotsatira muyezo wa ISO 11446. Pa pulagi imeneyi pini 9 imakhala ndi moto nthawi zonse ndipo negetivu yake ndi pini 13, pomwe pini 10, ya firiji, imalandira moto injini ikamalira basi ndipo negetivu yake ndi pini 11. Manegetivu amenewa sayenera kuphatikizidwa m'kalavani ndi pini 3, imene ndi ya nyali zapamsewu. Munthu amene wagula galimoto yokhala kale ndi soketi ya mapini 13 asafulumire kukondwa, chifukwa oika ambiri amangolumikiza mapini a nyali, 9 ndi 10 n'kutsala opanda waya. Ngakhale atalumikizidwa, waya wake amakhala wa 2.5 mm², uja wotaya 1.4 V. Ku South Africa ndi ku Australia anathana ndi vutoli poika pulagi yachiwiri ya moto wokhawokha, ya maampu 50, imene ku South Africa amaitchula Brad Harrison ndipo ku Australia amati Anderson. Imalandira waya wa 16 mm², ndipo kwa ine imeneyi ndiyo njira yabwino pa misewu yathu yamabampu ndi fumbi.

Pogula waya musakhutire ndi kunenepa kwa chikopa chake. M'mashopu muli mawaya ooneka aakulu koma mkuwa wa m'kati ndi wochepa, ndipo ena ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa. Sendani kumapeto n'kupala timawayato ndi mpeni. Mukaona m'kati mukuyera mbuu, mudziwe kuti si mkuwa, ndipo waya wotere amataya moto wochuluka kuposa wamkuwa wa kukula komweko, komanso amathothoka msanga pamfundo zolumikizira mawaya. Negetivu ikhale ndi waya wake wofanana kukula ndi wa pozitivu. Kudalira mutu wa chitsulo chokokera kuti ndiwo ubweze moto n'kudzinamiza, chifukwa pamenepo pamakhala girisi, dzimbiri ndi fumbi, ndipo kalavani ikadumpha pabampu kulumikizana kumaduka. Galimoto zatsopano zambiri zili ndi kachipangizo koyeza moto pa mutu wa negetivu wa batire, ndipo pa zoterozo waya wanu wa negetivu mumange pa chasisi osati pa batire penipeni, kuti kompyuta ya galimoto izidziwa moto wonse umene ukutuluka.

Fyuzi imateteza waya kuti asapse, ndipo pano waya akudyetsedwa ndi mabatire awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Akakhuzika pa chitsulo pakati pa njira, moto umathamangira pa shotiyo kuchokera mbali zonse ziwiri, kotero fyuzi ziyenera kukhala ziwiri, iliyonse pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivu wa batire lake. Waya adutse m'chubu chomuteteza, amangidwe pa chasisi kutali ndi ekizozi ndi zitsulo zoyenda, ndipo podutsa pabowo la chitsulo pakhale mphira. Mitu yake ifinyidwe ndi chida chofinyira, osati kupotokola ndi pulayala n'kukulunga tepi.

Chotsatira ndi kulekanitsa mabatire awiriwa injini ikazima. Firiji ya maampu 10 ikasiyidwa pa batire la galimoto kwa maola atatu kapena anayi, pamene banja likudya nkhomaliro ndi kuona msika, galimotoyo ingakane kulira. Njira yosavuta ndi relay yaikulu, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, imene imalumikiza mabatire injini ikalira n'kuwalekanitsa ikazima. Pali ina yodziyendetsa yokha poyeza mphamvu, imene imalumikiza ikaona pafupifupi 13.3 V n'kudula ikatsika cha pa 12.8 V, ndipo pa Land Cruiser kapena Hilux yakale imagwira ntchito bwino kwa zaka zambiri.

Pa galimoto zambiri zatsopano, makamaka zotsatira malamulo a utsi a ku Ulaya a Euro 5 ndi Euro 6, komanso zina monga Ford Ranger yamakono, njira imeneyi siikwanira. Alternator yake imalamulidwa ndi kompyuta kuti ipulumutse mafuta: batire la galimoto likangodzaza imatsitsa mphamvu mpaka cha pa 12.5 V, ndipo dalaivala akachotsa phazi pa mafuta imakweza mpaka cha pa 15 V. Relay yoyeza mphamvu imangolumikiza ndi kudula njira yonse, batire la kalavani osapindula kanthu. Yankho ndi tchaja ya DC-DC, monga za Victron, Redarc kapena CTEK, imene imalandira mphamvu yotsikayo n'kuikweza kufika pa imene batire likufuna. Iyenera kuikidwa m'kalavani, pafupi ndi batire lotchajidwalo, kuti ikonze zimene zatayika m'njira. Ena amaganiza kuti akaika tchajayi ndiye kuti waya wochepa alibenso vuto, pomwe zoona zake n'zakuti imafuna waya wamkulu kuposa kale: kuti itulutse maampu 25 pa 14.4 V, imakoka maampu oposa 30 kuchokera kutsogolo, ndipo mphamvu yofikayo ikatsika imakoka ochuluka. Amene asintha n'kuika batire la lithium ayenera kuika tchajayi, chifukwa batire lotere likatha limameza moto wonse umene lingaupeze, ndipo lingatenthetse alternator, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono pamzere wa galimoto. Matchaja ambiri amtunduwu alinso ndi polumikizira sola, imene imapitiriza ntchito mukaima masiku angapo.

Ngakhale zonse zitakonzedwa bwino, nthawi imafunikabe. Batire la 100 Ah (muyezo wa moto umene batire limasunga) limene latha theka likusowa 50 Ah, ndipo tchaja ya maampu 20 imafuna maola osachepera awiri ndi theka kuti ibweze zimenezi, batire la asidi n'kufunanso nthawi ina chifukwa chakumapeto limalandira moto pang'onopang'ono. Ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima sungalidzaze, choncho nyamukani lili lodzaza kale.

Musanalipire wamagetsi, mupempheni ayeze inu mukuona. Kuyeza soketi yopanda katundu sikuthandiza, chifukwa ngakhale waya wochepa ngati ulusi amaonetsa 14 V pamene palibe chikudya moto. Lumikizani kalavani, lizani injini, yatsani firiji pa 12 V, kenako muyeze pa batire la galimoto ndiponso pamene waya akufikira m'kalavani. Kusiyana kukaposa theka la volti, pali waya wochepa kapena mfundo yosagwira bwino. Zimitsani injini ndi kuona ngati moto wochokera ku galimoto waduka monga mmene uyenera kudukira. Mukayenda kwa ola limodzi, imani mugwire pulagi ndi zosungira fyuzi ndi dzanja. Pamene pakutentha ndi pamene moto ukutayikira, ndipo mfundo imeneyo iyenera kumasulidwa, kupalidwa ndi kumangidwanso musanapitirize ulendo.