Wophunzira za kakhalidwe ka anthu akafunanji kunkhalango?

Makolo ena amadabwa akamva kuti mwana wawo, yemwe akuphunzira za kakhalidwe ka anthu kusukulu yaukachenjede, watumizidwa kukaphunzira ntchito kumidzi yozungulira nkhalango ya Kaning'ina kuno ku Mzuzu kapena ya Perekezi ku Mzimba. Kwa iwo nkhalango ndi ya akatswiri a mitengo. Ine ndimaona kuti wophunzirayo akufunikadi kumeneko, pakuti tsogolo la nkhalango limakambidwa pabwalo la mfumu ndi m'makomo mwa anthu.

Lamulo la nkhalango la 1997 linalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe, komanso kugwirizana ndi boma posamalira nkhalango zotetezedwa. Chomwe wophunzira amakafufuza ndi momwe zimenezi zikuyendera: amene amasankhidwa m'komiti, amene amasunga ndalama za uchi, ndi amene amaloledwa kuzula bowa kapena kutola nkhuni. M'midzi yambiri ya ku Mzimba mkazi amakakhala kwa mwamuna wake ndipo malo ndi a banja la mwamunayo, choncho mayi angathirire mbande nyengo yonse koma osakhala ndi ulamuliro pa mtengowo ukakula. Zoterezi sizituluka pamsonkhano pomwe afumu akhala kutsogolo. Zimamveka wophunzira akakhala pamphasa ndi amayi paokha, akulankhula nawo m'Chitumbuka.

Nkhani ya makala ndiyo yofuna kusamala kwambiri. Chisinthireni lamulo mu 2020 zilango zinakula, ndipo bambo amene amakankha njinga ya matumba mbandakucha kulowera mumzinda sangamasuke kwa mlendo wonyamula kope ndi cholembera. Wophunzira ayenera kuyamba wafotokoza cholinga chake, kupempha chilolezo, ndi kulonjeza kuti salemba dzina la munthu, lonjezo lomwe ayenera kulisunga ngakhale bungwe limene lamulandira litafunsa. Akatero amamva za ngongole ya feteleza ndi fizi ya ana, ndipo amazindikira kuti wogula makalawo ndi ife a mumzinda wa Mzuzu, a ku Chibavi ndi ku Luwinga.

Chomwe ndimaumirira kwa wophunzira aliyense ndi chakuti asanapereke lipoti kusukulu abwerere kumudziko, akawafotokozere eni ake zomwe wapeza, kuti pomwe walakwitsa amukonze ndipo zoonazo azigwiritse ntchito pokambirana ndi alangizi a zankhalango.