Munthu akapsa ndi moto musapake kanthu, thamangirani kuchipatala

Miyezi ya Juni ndi Julayi, anthu akamawotha moto, odwala zilonda zamoto amachuluka m'zipatala monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ambiri ndi ana osakwana zaka 5 omwe apsa ndi phala kapena madzi owira, komanso anthu a khunyu omwe agwera pambaula. Khunyu sapatsirana pokhudzana, choncho wina akagwera pamoto mchotseni msanga.

Chimapha n'chiyani? M'masiku awiri oyamba thupi limataya madzi ambiri, magazi sayenda bwino, impso zimafooka. Pambuyo pake tizilombo timalowa pabala n'kufalikira m'magazi. Utsi nawo umatupitsa kukhosi mpaka munthu kubanika. Makanda, okalamba ndi ana onyentchera ndiwo sapirira.

Koma chomwe chikutidetsa nkhawa ife azaumoyo ndi ichi: wodwala amafika patapita masiku, bala litapakidwa mazira, Colgate, mafuta ophikira, dothi, ndowe kapena zitsamba. Abale, zimenezi sizipoletsa bala. Zimangolowetsa tizilombo, ngakhale ta kafumbata, ndipo anamwino pozitsuka wodwala amamvanso ululu woopsa.

Mankhwala oyamba ndi madzi basi. Thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osati ayezi. Vulani mphete, zibangili ndi zovala thupi lisanatupe, koma nsalu yomwe yamatirira pakhungu musaikoke. Matuza musaphulitse. Phimbani bala ndi chitenje chochapa, mwana mumfunditse kuti asazizidwe, nyamukani. Panjira mayi apitirize kuyamwitsa. Wamkulu, ngati ali tcheru, amwe ORS pang'onopang'ono.

Chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala n'chofanana ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lake. Mwana akapsa malo okwana zikhatho zake 10, afunika diripi tsiku lomwelo, osati mawa. Wopsa kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumaliseche apite ngakhale malowo akhale ochepa. Chimodzimodzi yemwe mawu asasa kapena ali ndi mwaye m'mphuno.

Musanyengeke poona kuti sakulira. Bala lotuwa kapena lakuda lomwe silipweteka ndiye lozama kwambiri, moto wawononga ndi mitsempha yomwe. Loterolo silipolera kunyumba, ndipo dzira kapena Colgate sizingalithandize. Musadikire kuti liyambe kununkha kapena kuti mwana atenthe thupi. Zikafika apo tizilombo talowa kale.