Capillary column yatsopano sifunika kuiwotcha usiku wonse

Anthu ambiri mu labu amakhulupirirabe zoti capillary column yatsopano ya GC (gas chromatography, makina olekanitsa makemikolo osakanikirana pogwiritsa ntchito gasi) uyenera kuiwotcha usiku wonse kuti iyere, koma ayi ndithu, chizolowezi chimenechi nchakale cha nthawi ya ma packed column aja, machubu odzaza ndi ufa. Mkati mwa capillary mulibe ufa, ndi kachubu ka fused silica (mtundu wa galasi), mwina mamita 30, kopakidwa kafilimu kopyapyala ngati 0.25 µm basi, ndipo chimene chimaononga kafilimuka ndi okosijeni pakatentha, zimandipweteka kuona column yabwinobwino ikufa choncho. Ndiye yambani mwadutsitsa gasi wa helium mu column mphindi 15 mpaka 30 kuti okosijeni achoke uvuni wa GC usanatenthe, onetsetsani kuti pa ferrule (kamphete kotseka polumikizira column) sipakutuluka gasi, kenako kwezani kutentha pang'onopang'ono osapyola malire amene opanga analemba. Baseline (mzere umene makina amajambula musanaikemo sampulo) ikakhazikika, nthawi zambiri pakatha ola limodzi kapena awiri, column yakonzeka.