Maloboti a mu tauni akudya mafuta anu

Tikamakamba za jamu ya muno mu Harare ambiri amathamangira kunena kuti misewu yachepa, tikufuna ma flyover ena, misewu yodutsa pamwamba pa inzake, ngati ija ya pa mphambano ya Mbudzi. Sindikukana ayi, koma ife amene ntchito yathu ndi yowerenga magalimoto pa mphambano timaona kaye china chotchipa kwambiri, kungosintha nthawi ya maloboti basi, osakumba ngakhale dzenje limodzi.

Loboti iliyonse ili ndi kabokosi kake pambali pa msewu, mkatimo muli kakompyuta komwe kamagawa masekondi, uku obiriwira angati, uku angati. Kuti mbali zonse zidutse mpaka kubwerera poyambira nthawi zambiri pamatenga masekondi 60 mpaka 120. Vuto ndi loti masekondi amenewa amaikidwa kamodzi kenako nkuiwalika zaka, pomwe tauni ikusintha, anthu achuluka, makombi (maminibasi) asintha poima, mamawa chigulu chonse cha ku Chitungwiza chikulowa ndi Seke Road madzulo chikutuluka, koma kabokosi kaja kakugawabe ngati kale.

Tiyeni tichite kasamu pang'ono. Likayaka lobiriwira, mzere umodzi umadutsitsa galimoto imodzi pa masekondi awiri aliwonse. Ndiye ngati loboti ikupereka masekondi 10 ku mbali yomwe kulibe galimoto, mbali yodzazayo yaluza magalimoto 5. Zikuoneka zochepa eti? Koma loboti yozungulira pa masekondi 90 imazungulira ka 40 pa ola, ndiye kuti magalimoto 200 pa mzere umodzi okha atsala mmbuyo, ndipo mchira wake ndi umene umakatseka mphambano ina yakumbuyo ija inu nkumati kwachitika ngozi kutsogolo pomwe kulibe kalikonse.

China ndi kulumikiza maloboti otsatizana. Msewu ngati Samora Machel kapena Julius Nyerere uli ndi mphambano zoyandikana, ndiye ngati pakati pa maloboti awiri pali mamita 200 ndipo mukuyenda makilomita 50 pa ola mufika pa masekondi 14. Loboti yachiwiriyo ikayatsa lobiriwira masekondi 14 pambuyo pa yoyamba, mumangodutsa osaponda buleki, yachitatu chimodzimodzi. Wothamanga 80 uja amakapeza lofiira, ndiye zimamuphunzitsanso ulemu.

Mafuta amathera pa kuima ndi kunyamuka. Injini ikungolira chiimire imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, koma chodya kwambiri ndi kunyamula galimoto ndi giya wani mobwerezabwereza, makamaka kombi yodzaza anthu. Funsani dalaivala aliyense wa ku Mabvuku kapena Highfield amene amagula dizilo ndi madola, akuuzani za kilatchi ndi mabuleki omwe.

Koma ndinene poyera, zonsezi zimagwira ngati maloboti akuyaka. Magetsi akazima kabokosi kopanda batire kakhoza kutaya nthawi yake, akabwera loboti iliyonse ikuimba nyimbo yake, kulumikizana kuja kwatha. Choncho sola ndi mabatire zibwere kaye. Komanso ife madalaivala, osati a mushikashika okha, aja onyamula anthu popanda chilolezo, tikalowa pakati pa mphambano kutsogolo kulibe malo timadya masekondi a anzathu ndipo palibe injiniya angakonze zimenezo.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta. Anthu amaima pa mphambano kuwerenga magalimoto, angati akuwongoka angati akukhota, mamawa, masana ndi madzulo, osaiwala oyenda pansi omwe nawonso amafuna masekondi okwanira kuwoloka ndi katundu pamutu. Kenako timapanga mapulani osiyana a nthawi iliyonse nkukayesa pamsewu. Ku America malangizo awo amati zibwerezedwe zaka 3 mpaka 5 zilizonse, kwathu kuno momwe malenki a makombi ndi malo ogulitsira amasunthirasunthira ine ndingati zaka 3 zisamakwane.